Za bokosi timasonkha msanga, nanga za basi?

Pa gulu lathu la banja pa WhatsApp tilipo anthu 41. Ena tili ku Chawama, ena ku Mtendere ndi ku Kanyama, ena ku Kapata mu Chipata, awiri ali ku Johannesburg. Mwezi watha amalume athu a ku Vubwi analemba uthenga waufupi. Mwana wawo wamkazi, msuweni wathu wa zaka 19, wapatsidwa tsiku ku Lusaka. Valuvu ya mtima wake yaonongeka, afunika opaleshoni. Tonse tinawerenga. Anayankha ndi anthu asanu, onse ndi kachithunzi ka manja opemphera. Kenaka gulu linangoti zii masiku atatu.

Gulu lomweli, chaka chatha ambuya atamwalira ku Sinda, linadzaza mndandanda usiku umodzi. Bokosi, ufa, kabichi, nkhuni, mafuta a Canter yonyamula anthu, zonse zinapeza mwini tambala asanalire. Anthu amene tsiku ndi tsiku amalira kuti alibe ya bando anatulutsa K200 mosanyinyirika. Ena anapempha livi kuntchito, nakwera basi ya m'mamawa pa Intercity.

Tiyeni tivomere chabe. Ife ana a Kum'mawa okhala m'tauni tidziwa kuika maliro, ndipo timaika bwino. Kuperekeza munthu wamoyo ku thiyeta sitidziwa, komanso sitionetsa kuti tifuna kuphunzira. Choipa kwambiri n'chakuti mantha amene wodwala ali nawo kale timawathirira ndife, ndi nkhani zathu za m'maluwa komanso ndi kukhala chete kwathu. Nkhani ino ndi yodzidzudzula tokha.

Tiyambe ndi matendawo, chifukwa ambiri a ife tikamva za mtima timaganiza za nkhalamba yonenepa ya ku Kabulonga. Mtima uli ndi mavaluvu anayi. Aliyense amene anamatapo chubu ya njinga adziwa ntchito ya valuvu: imalola mpweya kulowa, n'kuukaniza kubwerera. Za mumtima zimachita chimodzimodzi ndi magazi. Valuvu ikauma n'kuchepa, magazi amavutika kudutsa. Ikaleka kutseka bwino, magazi amabwerera kumbuyo. Pamenepo munthu amapuma mwawefuwefu akangoyenda pang'ono, miyendo imatupa, usiku sagona chagada, amatsamira khoma mpaka kucha.

Kwa ana ndi achinyamata a kwathu, chimene chimaononga mavaluvu kawirikawiri chimayambira pakhosi. Mwana wa zaka za pakati pa 5 ndi 15 amadwala zilonda zapakhosi zobwera ndi kachirombo kotchedwa streptococcus. Akapanda kulandira penicillin, pakapita milungu iwiri kapena itatu thupi limatha kusokonezeka, n'kuyamba kumenya ziwalo zake zomwe. Mwana amatentha thupi, mfundo za mawondo ndi akakolo zimapweteka mosinthanasinthana, lero bondo ili, mawa linalo. Ululu umatha, mwana n'kubwerera kusukulu, koma pa valuvu patsala chipsera. Zikabwerezabwereza, pofika zaka 19 valuvu ija yatha ntchito. Msuweni wathu sanalodzedwe. Anadwala pakhosi ali giredi 4, ngati tonsefe, ndipo panalibe anadziwa kuti nyeleti imodzi ikanatseka njira yonseyi.

Sali yekha. Padziko lonse anthu oposa 40 miliyoni ali ndi matenda a mtima a mtundu umenewu, ndipo chaka chilichonse amapha anthu oposa 300,000. Kafukufuku wa BeatRHD Zambia amene anapima ana a sukulu mu Lusaka ndi makina oonera mtima, n'kufalitsidwa mu 2018, anapeza ana pafupifupi 12 pa 1,000 alionse ali nawo kale matendawa. Uko ndi ku Lusaka, kumene kiliniki ili pafupi. Ganizirani za mwana wa kwa Kawaza, kwa Nyanje kapena kwa Pembamoyo, amene kuti akafike pa kiliniki afunika njinga ndi munthu womupalasa. Kafukufuku wina, wotchedwa REMEDY, anatsata odwala 3,343 m'maiko 14, Zambia ili momwemo. Theka la odwalawo linali la zaka 28 kapena kucheperapo, awiri mwa atatu alionse anali akazi, ndipo patapita zaka ziwiri pafupifupi 17 pa 100 alionse anali atamwalira. M'maiko osauka, ochepa chabe ndi amene anafika pa opaleshoni. Ndiye munthu akapatsidwa tsiku, wapeza chinthu chimene anzake ambiri amafa akuchidikira.

Manje onani zimene timachita nalo tsiku limenelo. Oyamba kufika ndi akatswiri a nkhani za imfa. Banja lililonse lili nawo. Amakhala pamphasa pafupi ndi wodwala, n'kuyamba kuwerenga: uje wa ku Chadiza analowa ku thiyeta sanatulukeko, uje wa ku Petauke anamung'amba n'kumusoka wakufa kale. Mukawafunsa kuti ujeyo anadwala chiyani, anafika liti kuchipatala, anali atafooka bwanji, sadziwa. Anangomva. Ife a m'tauni timachita zomwezo ndi foni: timatumiza mavoisi noti a munthu wosadziwika, mavidiyo a TikTok onena kuti madokotala amaba ziwalo, ndi mauthenga a tiyi wochapa mtima. Timatumiza kwa amayi ake a wodwala, usiku, kenaka ife n'kugona tulo tabwino.

Nkhani za uje n'zoona pena, sitikana. Koma zimasiya mbali imene itikhudza. Ambiri amene amafera pa opaleshoni ya mtima kapena itangotha amafika mochedwa, mtima utakula n'kutopa, mapapo ndi chiwindi zitavutika kale. Ndipo amachedwa chifukwa cha ife. Timati tidikire tikolole. Tikakolola timati tidikire tigulitse soya ndi nshawa. Tikagulitsa timati tidikire atsibweni abwere, poti mwini mbumba ndiye anena. Atsibweni akabwera amati tiyambe tayesa kwina. Miyezi isanu ndi umodzi yapita, valuvu sinadikire munthu. Wodwala akamwalira timaloza mpeni wa dokotala, ndipo nkhani yake imasanduka ya uje watsopano yokaopsezera wodwala wotsatira. Umu ndi mmene mantha amadzibalira okha m'midzi mwathu.

Atsibweni tiwalemekeza, ndipo nkhani yaikulu ngati iyi ayenera kuimva msanga, kuchokera kwa ife, mwaulemu. Koma munthu wa zaka 19 ndi wamkulu. Pepala lovomera opaleshoni amasaina yekha, chifukwa chifuwa chimene chidzatsegulidwe ndi chake. Msonkhano wa banja umene umakamba za iye ali m'nyumba, osamufunsa n'komwe, ndi bwalo loweruza munthu wosalakwa.

Gulu lachiwiri ndi la ife amene timadziona ngati abwino. Sitikamba za imfa. Timaimba foni mphindi ziwiri n'kunena kuti: osaopa, limba mtima, zonse zili bwino. Tikadula foni timamva ngati tagwira ntchito. Taganizani kuuza munthu amene mtima wake ukatsegulidwe kuti alimbe mtima. Mawu akuti osaopa amathandiza wokamba, chifukwa amatseka nkhani isanafike povuta. Wodwala amamva uthenga wina: mantha ako usatiuze, tilibe pokayika. Ndiye amamwetulira masana kuti amayi ake asalire, usiku n'kumayang'ana denga yekha.

Mmodzi wa ife, mkazi wamkulu pang'ono amene amagulitsa salaula ku Soweto, anachita zosiyana. Anaimba foni n'kufunsa chabe kuti, "Iwe, uopa chiyani kwenikweni?" Kunali chete kanthawi. Kenaka msuweni wathu anati, "Asisi, akuti mtima amauimitsa. Nanga ukakana kuyambanso?" Atatero zinatuluka zonse. Aopa kudzuka opaleshoni ili mkati. Aopa chipsera cha pachifuwa, kuti adzamukwatira ndani. Aopa kuti amayi ake, amene sanafikepo ku Lusaka, akagona kuti. Ndipo chimene chimamulanda tulo kuposa zonse ndi ng'ombe ziwiri za atate ake. Anamva akulu akunong'onezana zozigulitsa, ndipo iye adziwa kuti popanda ng'ombezo chaka chamawa kulibe cholimira.

Onani mndandandawo bwino. Mantha awiri oyamba ali ndi mayankho kwa dokotala. Awiri otsiriza ali ndi mayankho m'matumba mwathu ndi m'nyumba zathu za lendi. Palibe ngakhale amodzi amene amachoka ndi mawu akuti osaopa.

Za kuimitsa mtima n'zoona, ndipo wodwala ayenera kuzimva momveka. Pa opaleshoni yotsegula chifuwa, magazi amapatutsidwa kupita m'makina amene amagwira ntchito ya mtima ndi mapapo kwa kanthawi. Mtima amaupumitsa ndi mankhwala kuti dokotala asoke pamalo posagwedezeka. Akamaliza amabwezera magazi mumtima, ndipo kawirikawiri umayambanso kugunda wokha. Ukagunda mosalongosoka amauwongola ndi magetsi ochepa, ndipo amasiya timawaya tothandiza kugunda kwake masiku oyamba. Makina amenewa si zoyesera dzulo. John Gibbon anawagwiritsa ntchito bwinobwino pa munthu mu 1953 ku Philadelphia, ndipo Albert Starr anaika valuvu yopanga mumtima wa munthu mu 1960 ku Portland. Muno mu Africa, ku Groote Schuur mu Cape Town, Christiaan Barnard anasintha mtima wathunthu mu 1967. Za kudzuka pakati pa opaleshoni, pali dokotala wogonetsa amene ntchito yake yonse ndi kukhala kumutu kwa wodwala, kuyang'anira tulo take, mpweya ndi magazi kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Wodwala ayeneranso kudziwa mmene adzadzukire, kuti asadzadzidzimuke. Adzadzuka m'chipinda cha odwala ofunika kuyang'aniridwa kwambiri, mwina paipi yopumira ikadali pakhosi, osatha kukamba kwa maola angapo, ndi timapaipi tina totulutsa madzi pachifuwa. Amayi ake akadzamuona choncho asanauzidwe, adzayamba kulira maliro pakhomo la wodi. Akauzidwa lero, adzadziwa kuti ndi mmene zimakhalira ndi aliyense. Kufotokozera amayiwo m'Chichewa cha kumudzi zimene dokotala wakamba m'Chizungu ndi ntchito yathu ife amene anatilipirira sukulu. Tinaphunzira Chizungu kuti tizichita nacho chiyani, ngati pamenepa tisowa?

Gulu lachitatu ndi lovuta kulikamba, koma tikamba. Ndi aja amene amauza wodwala kuti kupita ku thiyeta ndi kusowa chikhulupiriro, kuti ataye mapilisi, asale kudya masiku asanu ndi awiri, amwe madzi odalitsidwa a m'botolo logula. Ndi aja amene amatema mphini pachifuwa n'kunena kuti achotsa chimene chinaponyedwa. Pemphero sitilimbana nalo. Ambiri a ife usiku wa opaleshoni tidzakhala titagwada. Zipatala zimene zasunga anthu a kwathu zaka zonsezi zinamangidwa ndi anthu opemphera: St Francis ku Katete, imene inayamba mu 1948 ndipo amaiyendetsa pamodzi a Anglican ndi Akatolika, ndi Nyanje Mission ku Sinda ya mpingo wa Reformed. Anthu amenewo sanaone mkangano pakati pa guwa ndi thiyeta. Amene tilimbana naye ndi munthu amene amalandira nkhuku, mbuzi kapena ndalama ya mbewu kuti achedwetse mtsikana amene madokotala amupatsa tsiku. Munthu wa mtima wofooka akaleka mapilisi ochotsa madzi m'thupi, m'masiku ochepa mapapo amadzaza. Mneneri uja sadzabwera kudzamunyamula. Ndipo ife amene timadziwa zimenezi n'kukhala chete poopa kuoneka amwano, tili ndi gawo lathu pa mlanduwo.

Wina adzati: inu mukamba ngati opaleshoni ya mtima ndi kuzula dzino. Ayi. Ndi opaleshoni yaikulu, ndipo anthu amafa nayo ngakhale m'zipatala za ku London. Munthu atha kutaya magazi ambiri, bala litha kulowa tizirombo, atha kuchita sitiroko. Amene aopa saganiza molakwa. Chimene tikana ndi kuyeza mbali imodzi yokha ya sikelo. Kukhala kunyumba ndi valuvu yakufa nakonso kuli ndi ngozi yake, imene imakula mwezi ndi mwezi mwakachetechete. Funso loyenera kufunsa dokotala lili pawiri: ndikachita opaleshoni, ngozi yanga ine ndi yotani, ndipo ndikapanda kuchita, zaka ziwiri zikubwerazi zidzakhala zotani? Wodwala ali ndi ufulu wofunsa zimenezi, ndi kufunsanso ngati sanamve. Kwathu tinazolowera kuyankha dokotala kuti inde, inde, kenaka n'kukafunsa mlonda wa pageti kuti paja amati chiyani. Safunsa anadya phula. Lembani mafunso papepala musanalowe, ndipo alowe ndi munthu wachiwiri wogwira bolopeni.

Pa mafunsowo, lalikulu kwa mtsikana ndi la mtundu wa valuvu. Nthawi zina valuvu yake yomwe imatheka kukonzedwa, ndipo kwa ena amene valuvu yangochepa, madokotala amatha kuitanula ndi kabaluni kolowetsedwa mumtsempha popanda kutsegula chifuwa. Ikafunika kusinthidwa, pali mitundu iwiri. Yachitsulo imakhala zaka zambirimbiri, koma mwini wake amamwa warfarin moyo wake wonse kuti magazi asaundane pa valuvupo, ndipo amayezetsa magazi pafupipafupi, kuyeza kotchedwa INR. Mankhwalawo akachepa magazi amaundana, akachuluka munthu amakha magazi. Warfarin athanso kuvulaza mwana m'mimba, makamaka miyezi yoyamba, ndiye pakati pafunika kukonzekera ndi dokotala. Mtundu wachiwiri umapangidwa ndi minofu ya ng'ombe kapena nkhumba. Nthawi zambiri sufuna warfarin wa moyo wonse, koma umatha, mwina m'zaka 10 mpaka 15, ndipo mwa achinyamata umatha msanga kuposa pamenepo, kutanthauza opaleshoni ina kutsogolo. Mtsikana wa zaka 19 wa ku Vubwi amene afuna kudzabala ana, ndipo kwawo ndi kutali ndi koyezera magazi, ayenera kukamba zonsezi ndi dokotala asanagone pa tebulo. Ngati achita manyazi kukamba za mimba pamaso pa atate ake, atate atuluke, atsale ndi asisi.

Ndiye kukonzekera kwenikweni ndi kotani? Ndi ntchito zazing'ono zosasangalatsa, zimene sizijambulika pa Facebook. Mano ayenera kuonedwa opaleshoni isanafike, chifukwa tizirombo ta dzino lobooka timatha kulowa m'magazi n'kukakhala pa valuvu yatsopano. Wina amuperekeze. Mapepala onse, kalata yotumizira, zithunzi za mtima, khadi la NHIMA, NRC, akhale m'chikwama chimodzi, ndipo wina awajambule pa foni kuti akataika tisayambirenso. Wina afunse kuofesi ya chipatala zimene inshuwaransi ilipira ndi zimene banja lidzalipira lokha, kuti ng'ombe zisagulitsidwe mwamantha pa mtengo wotaya. Mankhwala amene akumwa, ndi ya zitsamba yomwe, atchulidwe onse kwa dokotala, ndipo oleka ndi opitiriza anene ndi dokotalayo. Opaleshoni ya mtima imafuna magazi, ndipo magazi sagulidwa m'sitolo: ali m'mikono mwathu. Anthu 41 pa gulu, athanzi tilipo oposa theka, koma amene anaperekapo magazi ku Zambia National Blood Transfusion Service chimalizireni sekondale sitikwana atatu.

Palinso msewu. Kuchoka ku Katete kufika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 500 pa Great East Road, kudutsa Sinda, Petauke, Nyimba, mlatho wa Luangwa ndi mapiri ake. Wa ku Vubwi amayamba wafika kaye ku Chipata. Munthu amene amapuma movutikira afunika mpando wabwino, munthu wokhala naye pambali, ndi wina womuchingamira pa Intercity kuti asakokedwekokedwe ndi anyamata a mabasi. Ulendowo si umodzi: pali wa kupimidwa, wa opaleshoni, ndi ya kubwerera kukaonedwa. Wodwazika afunika pogona, chakudya ndi ya minibasi tsiku lililonse kwa milungu ingapo. Ife tili ndi zipinda ku Lusaka, zazing'ono inde, koma pa maliro timagonamo anthu khumi. Mayi mmodzi wa ku Vubwi ndi kachikwama kake angalephere kukwanamo?

Akatuluka, fupa la pachifuwa limafuna milungu isanu ndi umodzi kapena kuposerapo kuti ligwirane. Nthawi yonseyo palibe khasu, palibe ndowa pamutu, palibe kusinja, palibe kupalasa njinga kapena kubereka mwana. Kumudzi mtsikana amene sagwira ntchito amatchedwa waulesi pasanathe mlungu, ndiye wina apite akafotokoze kwa azakhali ndi aneba. Nyeleti ya penicillin ya milungu itatu kapena inayi iliyonse imapitirira ngakhale valuvu yasinthidwa, chifukwa matenda aja atha kubwerera pa mavaluvu otsala. Ngati ali pa warfarin, chibwabwa, repu, kalembula ndi bondwe saletsedwa, koma azidya mofanana tsiku ndi tsiku, chifukwa ndiwo zamasamba zimasintha mphamvu ya mankhwalawo. M'dzinja masamba ali mbwee, m'chilimwe asowa, ndipo magazi amatsatira mbale. Ngati valuvu ndi yachitsulo idzamveka kuti tiki tiki usiku kukakhala bata. Anthu auzidwe lero, asadzayambe kunong'ona kuti anamuika wotchi ya ufiti.

Tikadzidzudzula tokha sindiye kuti akuluakulu apulumuka. N'chinthu chabwino kuti kuyambira 2021 dziko lili ndi National Heart Hospital kufupi ndi msewu wa ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, ndipo Mzambia atha kusinthidwa valuvu kwawo konkuno mmalo modikira ulendo wa ku India. Koma opaleshoni ndi tsiku limodzi, pamene valuvu ndi ya moyo wonse, ndipo moyo umenewo ukakhala ku Vubwi, ku Sinda ndi ku Katete. Mu May 2018 maiko a mu World Health Assembly anagwirizana chigamulo cholimbana ndi matenda amenewa. Mu 2022 ndalama ya CDF inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstichuwense iliyonse. M'chaka chimenecho maboma athu atatu anali ndi makonstichuwense asanu: Mkaika, Milanzi, Sinda, Kapoche ndi Vubwi. Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha mu 2012 ndi cholinga chakuti thandizo lifike pafupi ndi anthu. Ndiye tili ndi mafunso oti tifunse aphungu ndi makhansala athu, pa wailesi ya Mphangwe, pa Breeze FM, ndi pamisonkhano ya m'mawodi. Munthu wa valuvu yachitsulo m'dera lanu amayezetsa kuti INR, ndipo amayenda mtunda wautali bwanji? Penicillin wa nyeleti alipo pa kiliniki iliyonse mwezi uno? Pali kaundula wa ana amene ayenera kulasidwa mwezi ndi mwezi, ndipo akajomba amawalondola ndani? Aphunzitsi a ku pulaimale anauzidwapo kuti mwana wa zilonda zapakhosi ndi kutentha thupi apite ku kiliniki tsiku lomwelo? Mafunso amenewa sali a chipani. Amene afuna voti yathu akhale ndi mayankho ake.

Ndipo pamene tidikira mayankhowo, tisanamizire boma pa zimene zili m'manja mwathu. Chaka chilichonse kumapeto kwa August timadzaza mabasi kupita ku Mkaika ku Kulamba, titavala zitenje zatsopano, kujambula Gule Wamkulu ndi kulemba kuti timanyadira kwathu. Kunyadira kwathu kumaoneka pamene mwana wa kwathuko afika pa Intercity atanyamula envulopu ya zithunzi za mtima, osadziwa kolowera. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, timatero pa maukwati ndi pa maliro. Tiyeni titeronso pa tsiku wamba la pakati pa mlungu, pa benchi ya chipatala.

Gulu lathu la WhatsApp linadzuka tsiku lachinayi, pamene asisi a salaula aja analemba mndandanda ngati wa maliro, koma mitu yake ili ina: basi ya anthu awiri kupita ndi kubwera, pogona amayi, chakudya cha wodwazika, woperekeza kwa dokotala wa mano, wolowa naye kukafunsa mafunso, opereka magazi, woimba foni madzulo alionse. Pansi analemba kuti aliyense wotumiza voisi noti ya imfa kapena ya tiyi wochapa mtima achotsedwa pa gulu. Ena anakhumudwa, mmodzi anatuluka yekha. Maina analowa pang'onopang'ono, osati liwiro la bokosi lija, koma analowa. Ng'ombe zikali m'khola.

Msuweni wathu akali kuopa, ndipo sitimuuzanso kuti aleke. Madzulo amene ili nthawi yako yoimba, umamufunsa za lero, n'kumusiya akambe. Tsiku lina amafunsa za chipsera, tsiku lina amafuna chabe kumva za mpira kapena za chibwenzi cha mnzake. Tsiku lina amalira, iwe n'kungokhala pa foni mpaka atatha. Mafunso ake a kwa dokotala afika 14, analemba kumbuyo kwa kope lake lakale la sayansi. Sitidziwa mmene opaleshoni idzayendere, ndipo sitimulonjeza zimene sitingathe. Chimene tamulonjeza n'chakuti pa Intercity adzapeza anthu, ndipo pamene adzamukankhira ku thiyeta amayi ake sadzakhala okha pa benchi.

Pa mndandanda patsala mizere iwiri yopanda dzina: wachinayi wopereka magazi, ndi wopita ku Vubwi kukatunga madzi ndi kusinja mwezi woyamba akabwerera. Basi yawo inyamuka ku Chipata Lachiwiri m'mamawa.